Mbale zikulira mosasa: musinthe singano, katiriji, kapena phono stage?

Aliyense woimba mbale za vinyl anakumanapo nazo izi. Nyimbo yoyamba imalira bwinobwino, yachiwiri chimodzimodzi, koma singano ikamayandikira pepala lapakati lija mawu a woimba amayamba kusasa, "s" aliyense n'kumang'ambika ngati chitenje chakutha. Ambiri mlandu amaupereka kwa masipika. Ine ndinaupereka kwa ampulifaya, ndinakagula kabokosi ka phono stage (kokweza timawu tofooka tochokera ku singano tisanafike pa ampulifaya) ndi ndalama yomwe ndinasunga miyezi iwiri, ndipo nditalumikiza kusasa kuja kunali pompo, kungoti tsopano kunkamveka bwino kuposa kale.

Gwero la vutoli ndi losavuta kulimvetsa. Mbale ya LP imazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chakunja, komwe bwalo ndi lalikulu, singano imadutsa masentimita pafupifupi 50 a mzere pa sekondi imodzi. Chamkati imadutsa masentimita 20 okha kapena kuposerapo pang'ono. Nyimbo ya sekondi imodzi yomweyo yapanikizidwa pa kamalo kochepa, ndiye timakona ta mzere timathithikana, ndipo singano ya nsonga yonenepa imalephera kutitsata. Chimene singano yalephera kutola mumzere palibe chipangizo china kutsogolo chimene chingachibwezere. Pa mfundo imeneyi ndi pomwe ndiyezere njira zonse zimene anthu amatsata pofuna kukometsa kaliridwe ka mbale.

Musanatulutse ndalama, onani kaye ngati turntable yanu, makina oimbira mbalewo, imalola kusinthidwa. Timakina tokhala ngati sutikesi, ta masipika ake m'kati momwemo, timagwiritsa ntchito katiriji (kachipangizo ka kunsonga kwa mkono komwe kamanyamula singano n'kusandutsa kugwedezeka kwake kukhala magetsi) ya ceramic yomwe imapondereza mbale ndi magalamu asanu kapena kuposa, ndipo mkono wake ulibe polemeretsera kapena popepukitsira. Chimodzimodzi magumbagumba akale a m'kabati, monga a Supersonic ochokera ku Bulawayo omwe anakongoletsa zipinda zochezera zambiri. Amenewo asungeni chifukwa cha chikumbutso, koma musawagulire katiriji yodula. Audio-Technica AT-LP60 ili pakati: singano mutha kusintha, katiriji ayi. Turntable yoti muiganizire zokweza ndi yomwe ili ndi chitsulo chozungulira kumbuyo kwa mkono chosinthira kulemera, ndipo katiriji yake yamangidwa ndi timabawuti tiwiri totalikirana theka la inchi. Ma Technics ena a m'ma 1980 ali ndi katiriji yongolowetsa ya mtundu wa P-mount. Imeneyo imasinthika, koma zosankha zake masiku ano ndi zochepa.

Palinso zaulere, zomwe zimasintha kaliridwe kuposa momwe anthu amaganizira. Kasikelo ka digito koyezera kulemera kwa singano n'kotchipa kuposa mbale imodzi yatsopano. Yezani, ndipo tsatirani chiwerengero cha wopanga. Pali chikhulupiriro choti singano yopepuka imasamala mbale, koma zoona zake n'zakuti singano yopepuka mopitirira imadumphadumpha mumzere n'kumamenya makoma ake, ndipo imawononga kuposa yolemererako pang'ono. Sindikizani pepala la protractor, la mizere yolozera momwe katiriji iyenera kuimira, muwongole katiriji kuti isayang'ane chammbali. Tsukani mbale. Fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa mumzere limalira ngati mbuliwuli pamoto, ndipo ngakhale singano ya mtengo wa njinga yamoto silingaichitire ulemu.

Njira yoyamba: kusintha singano yokha

Apa ndi pomwe ndichedwepo, chifukwa kwa anthu ambiri nkhani yonse yagona apa.

Makatiriji ambiri omwe amabwera ndi turntable ndi a mtundu wa MM, kutanthauza kuti kamaginito ndi komwe kamagwedezeka pafupi ndi makoyilo osasuntha. Ubwino wa MM ndi woti singano imazuka ndi zala, n'kulowetsapo ina m'masekondi ochepa. Ndipo makampani ena anapanga dala thupi limodzi la katiriji lolandira singano zosiyanasiyana, kuyambira yotchipa mpaka yapamwamba.

Chitsanzo chabwino ndi banja la AT-VM95 la Audio-Technica, kampani ya ku Japan yomwe inayamba mu 1962 ndi ntchito yomweyi yopanga makatiriji. Thupi ndi limodzi, singano zimadziwika ndi mtundu. Yabuluu, VM95C, nsonga yake ndi yobulungira. Yobiriwira, VM95E, ndi ya elliptical, yosemedwa kutsogolo ndi kumbuyo kuti mbali zokhudza mzere zikhale zopyapyala. Yaolenji, VM95EN, kasemedwe n'komweko, koma dayamondi yake ndi yathunthu, pomwe ya yobiriwira ija ndi kachidutswa ka dayamondi komatidwa pa kachitsulo. Dayamondi yathunthu imapepuka, ndiye imatsata mzere mofulumira. Kenako pali yofiira, VM95ML, ya microlinear, ndi yabulawuni, VM95SH, ya Shibata. Zonsezi zimafuna kulemera kwa magalamu awiri, kotero mukasintha singano simuyambanso kuwongola katiriji.

Dzina loti Shibata ndi la Norio Shibata, katswiri wa kampani ya JVC ya ku Japan yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anasema nsonga yotha kuwerenga mbale za masipika anayi zotchedwa CD-4, zomwe zinkanyamula timafunde tothithikana kwambiri kuposa tomwe khutu limamva. Mbale zija zinafa, nsongayo inatsala. Shibata ndi microlinear zimafanana pa mfundo yaikulu: zimakhudza khoma la mzere ndi kampeni kopyapyala koma kataliko kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kupyapyala kumathandiza kulowa m'timakona tothithikana tija, pomwe kutalika kumagawa kulemera pamalo aakulu kuti dayamondi ndi mbale zisathe msanga.

Kuchoka pa yobulungira kupita pa elliptical mumamva kusintha: zinganga ndi zingwe za gitala zimatuluka poyera. Kuchoka pa E kupita pa EN kusintha kulipo koma n'kochepa, ndipo kusasa kwa nyimbo yomaliza kumangochepa, sikutha. Kufika pa ML ndi pomwe kusasa kuja kumazimirira, mpaka munthu umadzuka kukaona ngati mbale yafikadi kumapeto. Mtengo wa singano ya ML ndi pafupifupi katatu wa E, ndipo ambiri amabwerera pomwepo. Koma taonani ziwerengero zomwe Audio-Technica yomwe imapereka za moyo wa singano: yobulungira maola pafupifupi 500, elliptical 300, Shibata 800, microlinear 1,000. Ndiye kuti pomwe ML imodzi ikutha mudzakhala mutagula ma E atatu. Ndalama ndi yomweyo, kungoti wina wamvera nyimbo zoyera nthawi yonseyo. Ndipo kwa amene katundu wotereyu amachita kuitanitsa kunja, kapena kudikira wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku London pa Khirisimasi, singano yokhalitsa imachepetsa maulendo opempha.

SH ndi yodula kuposa ML. Ena amati imalira mofewa ndi mokoma kuposa inzakeyo. Ine sindiona chifukwa cholipirira zambiri pa singano ya moyo wofupikirapo.

Ortofon ya ku Denmark inatsata nzeru yomweyi pa banja la 2M, koma inaligawa pawiri. 2M Red ndi 2M Blue zili ndi thupi limodzi: Red ndi elliptical yomatidwa, Blue ndi elliptical ya dayamondi yathunthu. Ngati turntable yanu inabwera ndi Red, monga ma Pro-Ject ambiri, singano ya Blue imalowa pomwepo ndipo imachotsa kukalipa komwe Red imakhala nako m'mawu okwera. Bronze ndi Black zili ndi thupi lawo lapamwamba, Bronze ya nsonga ya fine line (yopyapyala kuposa elliptical), Black ya Shibata. Vuto la Blue ndi loti pa mtengo wake, womwe kawirikawiri umaposa wa VM95ML yathunthu, mukupezabe nsonga ya elliptical. Imalira mwamphamvu ndi mosangalatsa, imatulutsa mamilivoti (muyezo wa mphamvu ya magetsi) 5.5 pomwe ML imatulutsa 3.5, ndiye poyerekeza mwachangu imamveka ngati yapambana chifukwa chongokweza mawu. Linganizani voliyumu, muike nyimbo yomaliza ya mbale, mudzamva kusiyana kwake.

Njira yachiwiri: katiriji yonse

Mumafika apa ngati katiriji yanu ilibe banja la singano zapamwamba, kapena ngati kaliridwe kake sikakukomerani. Rega Carbon ndi AT3600L, zomwe ndi pachibale, ndi makatiriji olimba a nsonga yobulungira, abwino poyambira, koma kuchoka pamenepo kupita pa VM95E kapena 2M Red ndi sitepe yomveka.

Pali ina yomwe ndimaikonda ngakhale siipambana pa kuyera kwa mawu: Nagaoka MP-110 ya ku Japan. Nsonga yake ndi elliptical wamba, imalumikizidwa ngati MM ina iliyonse, koma imalira mokhuthala, besi yake yodzaza, ndipo siitulutsa poyera kuthetheka kwa mbale zakale momwe ena amachitira. Wokonda reggae, rumba ndi soul ya m'ma 1970 akhoza kukhala nayo zaka osadandaula.

Ngati mwapeza turntable yakale yokhala ndi katiriji ya Shure, musaitaye msanga. Shure inasiya kupanga makatiriji mu 2018, koma thupi la katiriji silitha ngati singano, ndipo kampani ya Jico ku Japan imapangabe singano zolowa m'ma Shure ambiri, kuphatikizapo M44 ndi V15.

Pa mbale zakale ndiimepo pang'ono. Ambirife mbale zomwe tili nazo si zatsopano. Ndi timbale ta maulendo 45 pa mphindi tomwe abambo kapena amalume anabwera nato kuchokera ku migodi ya ku Joni, kapena zosindikizidwa ndi Teal ku Ndola, zomwe zinalira pa maukwati ndi m'mabala pansi pa singano zakutha. Pa mbale zoterezi singano yapamwamba imachita ziwiri zotsutsana. Nthawi zina microlinear imakhudza mbali ya khoma yomwe singano zakale sizinafikeko, ndipo mbale yomwe munkaiyesa yakufa imadzuka. Nthawi zina imangokuwerengerani chipsera chilichonse ndi litsiro lonse la pansi pa mzere. Simungadziwiretu. Ngati mkono wa turntable yanu uli ndi mutu wozuka, monga wa Technics SL-1200 kapena AT-LP120, khalani ndi mitu iwiri, kapena singano ziwiri za VM95: yofiira ya mbale zosamalika, yabuluu ya zomwe zinaona zambiri. Mbale zolemera zosweka msanga za maulendo 78, za nthawi ya galamafoni yopukusa, mzere wake ndi waukulu ndipo zimafuna singano yakeyake. M'banja lomweli ilipo, VM95SP, bola turntable yanu izitha kuzungulira pa liwiro limenelo.

Njira yachitatu: phono stage

Kabokosi aka kamagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kukweza mphamvu. Katiriji ya MM imatulutsa mamilivoti atatu mpaka asanu, pomwe polowera pa AUX kapena CD pamayembekezera mazana angapo, ndiye phono stage imachulukitsa mphamvuyo pafupifupi ka 100, komwe pa mapepala a zipangizo amalemba kuti 40 dB. Yachiwiri ndi kuwongola mawu. Podula mbale amachepetsa besi dala, kufika pafupifupi 20 dB pa mawu otsikitsitsa, kuti mzere usatambalale n'kudya malo, ndipo amakweza mawu okwera ndi muyezo wofananawo kuti apose phokoso la pulasitiki. Muyezo umenewu, wa RIAA (bungwe la makampani ojambula nyimbo ku America), unakhazikitsidwa mu 1954, ndipo phono stage imautembenuza kuti zonse zibwerere m'malo. N'chifukwa chake turntable yolumikizidwa pa AUX popanda phono stage imalira chapansipansi ngati wayilesi ya mabatire akutha.

Funso si loti mukufunika phono stage kapena ayi, chifukwa ngati mbale zikulira bwinobwino ndiye kuti muli nayo kale penapake. Funso ndi loti yomwe muli nayoyo ikukuphinjani kapena ayi.

Ikhoza kukhala m'kati mwa turntable, ngati kumbuyo kuli kaswitchi kolembedwa PHONO ndi LINE. Zam'katizi zimapangidwa motchipa, ndipo apa kabokosi kapadera kamathandizadi: phokoso la "sss" la pansi pa nyimbo limachepa, besi imagwirana, zoimbira zimatalikirana. Ikhozanso kukhala mu ampulifaya, ngati ili ndi polowera polembedwa PHONO ndi kabawuti komangira waya wa ethi. Ma ampulifaya a m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, a Sansui, Pioneer, Kenwood, Marantz, kapena NAD 3020 yotchuka ija, anapangidwa nthawi yomwe mbale ndiye zinali gwero lalikulu la nyimbo m'nyumba, ndipo opanga sankachita masewera pa gawo limeneli. Ngati muli ndi imodzi mwa zimenezi ndipo ili bwino, fodya wanu ndi yemwe ali pamphunoyo. Kabokosi kotchipa katsopano sikangaipose kwenikweni.

Mwa timabokosi tapadera, ART DJ Pre II ndi kotchipa, sikooneka bwino, koma kali ndi posinthira mphamvu komanso capacitance (kuchuluka kwa magetsi komwe mawaya ndi chipangizo zimatha kusunga, koyezedwa m'mapikofaradi, pF). Rega Fono Mini A2D ndi ka MM yokha ndipo kali ndi USB, yothandiza ngati mukufuna kusunga pa kompyuta nyimbo za mbale zosowa zija. Cambridge Audio Alva Solo ndi ka MM, Alva Duo kamalandiranso MC (mtundu wina wa katiriji, womwe ndiufotokoze kutsogoloku) ndipo kali ndi polowetsa mahedifoni. Schiit Mani ndi iFi Zen Phono timalandira mitundu yonse iwiri, ndipo ka iFi kali ndi sefa yochotsa kugwedezeka kwa mbale zopindika, komwe kumakankha masipika uku ndi uku popanda mawu omveka. Kumadera otentha, komwe mbale zambiri zinapindikapo ndi dzuwa, sefa imeneyi si yokongoletsera.

Kusiyana kwa timabokosi timeneti pakati pawo n'kochepa kuyerekeza ndi kusiyana kwa singano ya E ndi ML. Chomwe chimamvekadi ndi capacitance. Katiriji ya MM imalumikizidwa pa 47 kilohm (muyezo wa kuphinga kwa magetsi pa polowera) pafupifupi paliponse, koma imasinthanso kaliridwe malinga ndi mapikofaradi omwe yapeza m'mawaya ndi mu phono stage pamodzi. Audio-Technica imafuna 100 mpaka 200 pF, Ortofon 2M imafuna 150 mpaka 300. Waya wochokera ku turntable payekha amadya kale pafupifupi 100. Mukaphatikiza ndi phono stage ya mapikofaradi ambiri, VM95 imayamba kulira mobaya m'makutu, ndipo munthu amada katiriji yosalakwa. Pachifukwa chomwechi musatalikitse waya wapakati pa turntable ndi phono stage. Ngati ampulifaya ili patali, kabokosi kakhale pafupi ndi turntable, waya wautali achokere pa kabokosiko.

Zolakwika ziwiri zimabwerezedwa kawirikawiri. Kusiya kaswitchi pa LINE n'kulumikiza pa PHONO kumadutsitsa mawu m'ma phono stage awiri, ndipo zotuluka zake ndi chiphokoso cha besi yosweka. Kuiwala waya wa ethi kumabweretsa kung'ung'udza kosalekeza. Ndipo poitanitsa kunja samalani za magetsi. Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain amagwiritsa ntchito mavoti 230 pa 50 Hz (maulendo omwe magetsi amasinthasintha pa sekondi), pomwe America ndi 120 pa 60 Hz. Timabokosi tina, monga Mani, timabwera ndi adaputa ya dziko limodzi, ndiye sankhani ya 230. Turntable ya ku America yomwe injini yake imatsata ma Hz a magetsi imazungulira mochedwa pa 50 Hz ngakhale mutaigulira thiransifoma.

Nanga MC?

Mu katiriji ya MC zinthu zatembenuka: makoyilo ang'onoang'ono ndiwo amagwedezeka, maginito ali chiimire. Zogwedezeka zimapepuka, ndipo MC yabwino imalira momasuka mwa njira yomwe ndi yovuta kuiiwala ukaimva. Yotchuka pa zotsika mtengo ndi Denon DL-103, yomwe inapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mogwirizana ndi NHK, nyumba youlutsa mawu ya ku Japan, ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Chodabwitsa n'choti nsonga yake ndi yobulungira wamba, koma mawu a munthu ndi ng'oma zimatuluka ndi thupi lomwe ma MM ambiri alibe.

Koma MC ndi kugula kuwiri, mwinanso kutatu. DL-103 imatulutsa mamilivoti 0.3 okha, ndiye imafuna phono stage yochulukitsa ka 1,000, kapena kuti 60 dB, kapena thiransifoma yapadera patsogolo pa phono stage ya MM. Pa kukweza kotereku kung'ung'udza kulikonse kwa magetsi a m'nyumba kumakwera nawo. Kachiwiri, kasipuling'i kake n'kolimba, ndipo imafuna mkono wolemera. Mkono ndi katiriji pamodzi zimakhala ndi kanjenjemera kawo kachibadwa komwe kamayenera kugwera pakati pa 8 ndi 12 Hz, pamwamba pa kugwedezeka kwa mbale yopindika koma pansi pa besi ya nyimbo. DL-103 pa mkono wopepuka wa turntable yamakono yoyambira imakankhira kanjenjemera kameneka m'mwamba, ndipo besi imaonda. Kachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu: singano ya MC siizuka. Ikatha, kapena mwana akaikhudza ndi chala, katiriji yonse imatumizidwa kwa amisiri oika nsonga yatsopano kapena kusinthanitsidwa ndi ina. Wokhala ku Manchester atha kupirira zimenezo. Wokhala ku Zomba kapena ku Chipata akhala miyezi nyumba ili zii.

Pali MC zotulutsa mphamvu yokwererapo, monga Denon DL-110 ya mamilivoti 1.6, zomwe zimalowa pa MM mwachindunji. Zimachotsa vuto loyamba lija, lachitatu limatsala. Ndipo kugula phono stage yodula ya MC lero poti mwina tsiku lina mudzagula katiriji yake ndi kugula mbereko mwana asanabadwe.

Ndiye ndalama ikakhala yokwana chinthu chimodzi, ine ndimayang'ana chomwe chikudandaulitsa. Ngati ndi kusasa chamkati mwa mbale ndi "s" wong'ambika, yankho ndi singano, ndipo pa turntable yapakatikati VM95ML ndi yomwe ndingaloze. Ngati mawu ndi oyera koma opanda moyo, pansi pake pali "sss", ndipo mukudalira phono stage ya m'kati mwa turntable, kabokosi kapadera kakuyenerani, ngakhale kotsika mtengo. Ngati mbale zanu zambiri ndi zakale zotopa, Nagaoka kapena singano yobulungira ndi madzi otsukira zikupatsani mtendere woposa wa Shibata. MC isiyireni amene ali kale ndi mkono woyenera, magetsi abata ndi njira yodalirika yotumizira katundu.

Singano yatsopano ikafika, lembani tsiku pa bokosi lake. LP imodzi mbali zonse ziwiri imatenga mphindi pafupifupi 40, ndiye maola 300 a elliptical ndi mbale 450, pomwe maola 1,000 a microlinear ndi mbale 1,500. Woimba mbale ziwiri madzulo aliwonse amamaliza elliptical isanathe miyezi isanu ndi itatu. Ndipo singano yomwe mwaipeza pa turntable ya kaunjika, yomwe simukudziwa kuti yalira maola angati, izuleni musanaikepo mbale ya malemu agogo anu.